Batire ndi la Yani? Mkangano wa Kusintha ndi Kutchaja pa Galimoto Zamagetsi

Makampani akuluakulu akulimbirana ulemu wodzaza galimoto yamagetsi m'mphindi zochepa. Koma amene apindula kale ndi njira yosintha mabatire si eni galimoto zapamwamba ayi. Ndi a kabaza, oyendetsa matakisi ndi madalaivala a malole a m'migodi.

Pa 20 Juni 2013, Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, adasonkhanitsa anthu ku Hawthorne, m'dera la California ku America, kuti awaonetse zomwe galimoto yake ingachite. Galimoto ya mtundu wa Model S idakwera pansanja, makina obisika kunsi adamasula batire lake n'kulowetsa lina lodzaza, ndipo zonse zidatheka m'masekondi pafupifupi 90. Pachinsalu chachikulu ankaonetsa munthu wina akuthira petulo m'galimoto ya Audi. Pomwe thanki ya Audi imadzaza n'kuti galimoto ziwiri za Tesla zitasinthidwa mabatire n'kuchokapo.

Apa n'kuti mwezi usanathe chigwereni kampani ya Better Place, yomwe idabadwa ndi cholinga chimodzi chokha: kusintha mabatire a galimoto m'malo modikira kuti adzaze. Idagwa itameza ndalama zoposa madola 800 miliyoni. Tesla nayo sidapite nazo patali. Idamanga siteshoni imodzi yoyeserera pa Harris Ranch, pamsewu wa pakati pa Los Angeles ndi San Francisco, koma eni galimoto omwe adaitanidwa kukayesa adabwera owerengeka, ndipo kampaniyo idabwerera ku matchaja ake othamanga.

Ambiri adati nkhani yathera pomwepo. Koma lero ku China kuli masiteshoni masauzande osinthira mabatire a galimoto, ku Taiwan anthu amasintha mabatire a njinga zamoto pakhomo pa sitolo, ndipo ku Kigali ndi ku Nairobi a kabaza ena adaiwala kale fungo la petulo. Nthawi yomweyinso matchaja afika pothamanga moti ena akulonjeza makilomita 400 m'mphindi zisanu. Otsatsa malonda amafuna kuti maso athu akhale pawotchi. Koma mbiri ya zaka zoposa 100 ikusonyeza kuti mlanduwu umagamulidwa ndi mafunso ena awiri: batire ndi la yani, nanga galimoto ikaima akuluza ndalama ndani?

Ganizoli silachilendo

Galimoto zamagetsi zidayamba kuyenda petulo asanalande misewu. Mu 1897 mumzinda wa London mudayamba kuyenda matakisi amagetsi a Walter Bersey. Mabatire ake anali olemera kwabasi ndipo ankatenga maola ambiri kuti adzaze, choncho takisi ikabwerera kudepoti ankatsitsa batire lonse ndi makina n'kukwezamo lina. Ku America, kuyambira 1910 mpaka 1924, kampani yogulitsa magetsi ya Hartford Electric Light inkachita zomwe makampani a lero akuzitcha zatsopano. Wamalonda ankagula lole yopanda batire, n'kumalipira kampaniyo mwezi ndi mwezi komanso molingana ndi mtunda womwe wayenda.

Chofunika kuona apa ndi mtundu wa galimotozo. Zinali galimoto zaganyu, zofanana mapangidwe, zozungulira mumzinda umodzi, zobwerera pamalo amodzi tsiku lililonse. Petulo atatchipa komanso Ford atadzaza misewu ndi Model T, zonsezi zidaiwalika. Koma chinsinsi cha malo omwe kusintha batire kumapindula chidali chitaululika kale nthawi imeneyo.

Chidagwetsa Better Place

Shai Agassi wa ku Israel adasiya udindo waukulu ku kampani ya mapulogalamu a kompyuta ya SAP n'kuyambitsa Better Place mu 2007. Nzeru yake adaitapa ku makampani a mafoni: munthu agule galimoto motchipa, batire likhale la kampani, iye azingolipira makilomita omwe akuyenda. Israel anali malo abwino oyambira. Dziko ndi laling'ono, petulo ndi wodula, ndipo boma silinkafuna kudalira mafuta ochokera kunja. Denmark idatsatira.

Makina sadali vuto, ankasintha batire bwinobwino. Vuto lidali loti mwa makampani onse opanga galimoto, idavomera kupanga galimoto yolowa m'masiteshoniwo ndi Renault yokha, ndipo idapanga mtundu umodzi wokha, Fluence Z.E. Mgwirizano wawo unkanena za galimoto 100,000, koma zomwe zidagulidwa sizidafike ngakhale 1,500. Siteshoni iliyonse inkadya pafupifupi madola 2 miliyoni, ndipo masiteshoniwo ankayenera kumangidwa makasitomala asanabwere, chifukwa palibe angagule galimoto yosowa posinthira batire. Zotsatira zake zidali nyumba zodula zodzaza mabatire odula, zikudikira galimoto zomwe kunalibe. Agassi adachotsedwa paudindo mu Okutobala 2012, ndipo mu Meyi 2013 kampaniyo idapita kukhoti kukanena kuti yalephera.

M'kagalaja ka NIO

Kampani ya NIO, yomwe William Li adayambitsa ku China mu 2014, idaphunzira pa kugwa kumeneku. Sidadikire kuti wina aipangire galimoto. Imapanga yokha galimoto, masiteshoni, ndiponso imaonetsetsa kuti mabatire ake, kaya aakulu mphamvu kaya aang'ono, akhale a msinkhu umodzi wolowa pamalo amodzimodzi.

Siteshoni yake imaoneka ngati galaja ya chitsulo yoima pakona ya malo oimikapo galimoto. Woyendetsa amasungitsiratu malo pafoni kapena pasikirini ya m'galimoto. Akafika amaima m'mizere yojambulidwa pansi n'kudina batani. Chiwongolero chimayamba kuzungulira chokha, galimoto n'kulowa chafutambuyo, iye ali chikhalire pampando. Pansi pamatseguka, thebulo lachitsulo limakwera kudzagwira mimba ya galimoto, mabawuti amamasuka, ndipo batire lolemera pafupifupi theka la tani limatsika n'kutsetserekera chammbali, kumashelefu komwe anzake akutchajidwa. Lodzaza limabwera njira yomweyo. Wam'katiyo amangomva kugogoda ndi kagwedegwede pang'ono. Pakatha mphindi ngati zitatu, galimoto imadzukanso ili yokhuta.

Siteshoni yoyamba idatsegulidwa ku Shenzhen mu 2018. Lero NIO ili ndi masiteshoni oposa 3,000, ambiri mwa iwo ku China, ena ochepa ku Ulaya komwe idayambira ku Norway mu 2022. Siteshoni za mtundu womwe udatuluka mu 2024 zimasunga mabatire 23 nthawi imodzi.

Koma chomwe chidasintha zinthu kwenikweni si loboti ayi, ndi pepala la mgwirizano. Mu Ogasiti 2020 NIO idayamba kugulitsa galimoto popanda batire. Wogula ankachotseredwa mayuani 70,000 pamtengo wa galimoto, n'kumalipira lendi ya batire ya mayuani 980 pamwezi. Batire ndicho chiwalo chodula kwambiri pa galimoto yamagetsi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse, ndiponso ndicho chimadetsa nkhawa aliyense woganiza zogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Batire likakhala la kampani, nkhawa ya kukalamba kwake imasamukira kukampani. Nthawi iliyonse likalowa m'siteshoni limapimidwa, ndipo lokayikitsa limapatulidwa. Munthu amene amayenda m'tauni chaka chonse akhoza kubwereka batire lamphamvu kwambiri kwa masiku ochepa akafuna kupita kumudzi pa chikondwerero cha chaka chatsopano, n'kulibweza akabwerako.

China ili ndi zinthu ziwiri zomwe Israel idalibe. Choyamba ndi khwimbi la anthu okhala m'nyumba zosanjikizana, ambiri opanda malo awoawo oimikapo galimoto pomwe angakhomepo tchaja. Chachiwiri ndi dzanja la boma. Mu 2020 boma lidasiya kuthandizira mtengo wa galimoto zamagetsi zodula kuposa mayuani 300,000, koma lidasiya khomo lotsegula kwa galimoto zosintha mabatire. Mu 2021 lidasankha mizinda 11, kuphatikizapo Beijing, Wuhan ndi Tangshan, kuti ikhale yoyeserera njirayi.

Ngakhale zili choncho, ndalama zavuta. Mu 2024 mokha NIO idaluza mayuani oposa 22 biliyoni. Si masiteshoni okha omwe adadya ndalamazi, koma gawo lawo si laling'ono. Tiwerengetse tokha. Pamtengo wapakatikati wa mabatire m'chaka chimenecho, mabatire 23 a m'siteshoni imodzi ndi katundu wa pafupifupi madola 200,000, tisanawerengere nyumba, makina, malo ndi magetsi. Siteshoni ikamasintha mabatire m'mawa mpaka usiku, mpamba umenewu umabwerera. Ikamalandira galimoto khumi patsiku, ndi ndalama zogona pashelefu.

Mlandu wa a chingwe

Okhulupirira kutchaja amayamba ndi mfundo yosavuta: galimoto ya banja imatha nthawi yambiri ya tsiku itangoima. Usiku wonse ili pakhomo, masana ili kuntchito. Tchaja ya pakhoma ya makilowati 7 imadzaza batire la galimoto wamba m'maola asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, mwini wake ali m'tulo. Kwa munthu wotere, funso la mphindi zitatu kapena makumi awiri limangobwera pa ulendo wautali, mwina kangapo pachaka. Ku Norway, komwe mu 2024 galimoto pafupifupi 89 mwa 100 zilizonse zatsopano zidali zamagetsi, kusinthaku kwachitika pafupifupi konse ndi chingwe. Ngakhale ku China komweko, matchaja a pagulu ali m'mamiliyoni pomwe masiteshoni osinthira ali m'masauzande.

Ndipo chingwecho chikuthamanga chaka ndi chaka. Tesla idayamba kumanga matchaja ake othamanga mu 2012, ndipo pofika 2019 adafika pa makilowati 250. Hyundai Ioniq 5 ikapeza tchaja yamphamvu imachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi pafupifupi 18. Makampani amakonda kutchula 80 peresenti pa chifukwa chomveka. Batire likamayandikira kudzaza, kompyuta ya galimoto imachepetsa mphamvu yolowa kuti lisatenthe ndi kuwonongeka, choncho gawo lomalizalo limachedwa kwambiri. Apa okhulupirira kusintha batire amapezerapo ponena, chifukwa batire la m'siteshoni limatchajidwa modekha, pamalo ozizira bwino, popanda munthu woliyang'anira wotchi.

Mu Malichi 2025 kampani ya BYD idalengeza tchaja ya makilowati 1,000, n'kunena kuti galimoto zake za Han L ndi Tang L zikhoza kumwa magetsi oyendera makilomita 400 m'mphindi zisanu. Mwezi wotsatira kampani yopanga mabatire ya CATL idaonetsa batire lomwe idati likhoza kulandira makilomita 520 m'nthawi yomweyo. Ngati zili choncho, ena akufunsa, loboti ya kunsi kwa galimoto ndi yachiyaninso?

Koma walira mvula walira matope. Makilowati 1,000 ndi megawati imodzi. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, omwe adatsegulidwa mu 2021, amatulutsa mamegawati 60 dzuwa likakhala paliwombo. Ndiye kuti galimoto 60 zokha zikutchaja pa liwiro limenelo nthawi imodzi zikhoza kumeza magetsi onse a malowo. Ndi mathiransifoma ochepa a m'mphepete mwa msewu omwe angapirire kukoka kotere, ngakhale m'maiko olemera. N'chifukwa chake omanga matchaja amphamvu chotere akumaika mabatire akuluakulu kuseri kwa siteshoni, omwe amadzaza pang'onopang'ono n'kukhuthula mphamvu yonse galimoto ikafika. Mapeto ake njira ziwirizi zakumana pamphambano imodzi: zonse zikufuna nkhokwe ya mabatire pasiteshoni. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amasamutsa magetsi okha, wina amasamutsa bokosi lonse.

A chingwe ali ndi mfundo zina ziwiri zolimba. Yoyamba ndi ya mapangidwe. Makampani ngati BYD ndi Tesla ayamba kumanga batire ngati gawo la thupi la galimoto, kuti likhale pansi pomwe mipando yakhazikika. Izi zimachepetsa zitsulo, kulemera ndi mtengo, koma batire lotere silingamasulidwe m'mphindi zitatu. Yachiwiri ndi ya mtengo. Malinga ndi kafukufuku wa pachaka wa BloombergNEF, mu 2010 batire linkagulidwa pamtengo woposa madola 1,000 pa kilowati-awa imodzi, koma mu 2024 mtengowo udali utatsikira pa madola 115. Makampani ambiri amaperekanso chitsimikizo cha zaka zisanu ndi zitatu pa batire. Chinthu chikamatchipa komanso chikamakhalitsa, chifukwa chochibwerekera chimachepa.

Botolo la kampani ina salandira

Aliyense amene adatumidwapo kugolosale ndi botolo lopanda kanthu amadziwa lamulo lake: umasiya lopanda kanthu, umatenga lodzaza, koma botolo la kampani ina salandira. Apa ndi pomwe pagona vuto lalikulu la kusintha mabatire.

Kugwirizana pa pulagi n'kosavuta. Ulaya idasankha CCS2, China ili ndi GB/T, ndipo kuyambira 2023 Ford, General Motors ndi makampani ena ku North America adavomera kugwiritsa ntchito pulagi ya Tesla. Pulagi ndi kachinthu ka kumapeto kwa chingwe. Batire ndi nkhani ina. Kukula kwake kumalamula kutalika ndi kufupika kwa galimoto, mankhwala a m'kati mwake ndiwo amasiyanitsa kampani ndi inzake, ndipo mapaipi oziziritsira ndi mawaya ake ayenera kulumikizika ndendende nthawi masauzande popanda kudontha kapena kuthetheka. Kupempha Toyota, Volkswagen ndi BYD kuti agwiritse ntchito batire limodzi kuli ngati kuwapempha kuti asiye kupikisana pa chinthu chomwe akupikisanapo kwambiri. Boma la India lidayesa. Mu 2022 lidatulutsa ndondomeko yongoyerekeza ya kusintha mabatire, koma opanga njinga ndi mabatire sadamvane pa nkhani ya msinkhu umodzi.

Amene ali ndi mphamvu zokakamiza mgwirizano wotere mwina si wopanga galimoto, koma wopanga mabatire. CATL ya ku Ningde, m'chigawo cha Fujian, imapanga mabatire oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mabatire onse a galimoto zamagetsi padziko lapansi. Mu Disembala 2024 idalengeza misinkhu iwiri yokhazikika ya mabatire osinthika, nambala 20 ya galimoto zing'onozing'ono ndi nambala 25 ya zokulirapo, n'kuitana makampani osiyanasiyana kuti apange galimoto zolandira mabatirewo. Mu Malichi 2025 idasainirana mgwirizano ndi NIO. Phindu la CATL n'loonekeratu. M'malo mogulitsa batire kamodzi n'kutsanzikana nalo, ikhala mwini wake moyo wake wonse: kulibwereketsa, kuligwiritsa ntchito posunga magetsi likafooka, kenako kuliphwasula n'kutengamo lithiyamu ndi zitsulo zina.

Komwe nkhondo idatha kale

Pomwe akuluakulu akukangana za galimoto za mabanja, kuli malo ena komwe kusintha batire kudapambana mwakachetechete.

Ku Taiwan, kampani ya Gogoro idayamba kugulitsa njinga zamoto zamagetsi mu 2015. Siteshoni yake ilibe loboti, ilibe dzenje. Ndi kabati yokhala ndi timabowo, yoima pafupi ndi sitolo kapena pamalo omwetsera mafuta. Wokwera amatsegula mpando, amasolola mabatire awiri ogwirira pachigwiriro chobiriwira, lililonse lolemera makilogalamu ngati 9 kapena 10, amawalowetsa m'mabowo opanda kanthu, ndipo awiri odzaza amatumphukira kunja okha. Thanki ya mnzake wa petulo isanadzaze n'komwe, iye wapita. Masiteshoni otere alipo oposa 2,500 pachilumbacho, ndipo makampani ena ngati Yamaha, Suzuki ndi Aeon amapanga njinga zogwiritsa ntchito mabatire omwewo. Gogoro nayo yavutika kupeza phindu, koma palibe angatsutse kuti njirayi idakhazikika m'moyo wa anthu. Chifukwa chake n'chapafupi: batire limanyamulika ndi dzanja, ndiye makina odula safunika.

Kumapeto ena a sikelo kuli malole olemera. Ku Tangshan, mzinda wa mafakitale a zitsulo, komanso m'madoko ndi m'migodi ya ku China, malole amayenda njira imodzimodzi usana ndi usiku, kuchokera pamgodi kupita kufakitale n'kubwerera. Batire lawo limakhala bokosi lalikulu kumbuyo kwa kanyumba ka dalaivala, ndipo kireni imalinyamula cha pamwamba n'kutsitsa lina m'mphindi zochepa. Mwini malole amadziwa mtengo wa ola lililonse lomwe lole yaima. Chimodzimodzi matakisi a ku Beijing ndi mizinda ina, omwe ambiri ndi a mtundu umodzi ndipo madalaivala amalandirana galimoto usana ndi usiku.

Njinga, malole, matakisi: zonsezi n'zofanana ndi matakisi a Bersey aja. Zimagwira ntchito ya ndalama, zilipo zambiri za mtundu umodzi, ndipo zimazungulira dera lodziwika. Siteshoni yomangidwira izi sigona ndi njala.

Kigali, Nairobi ndi kabaza wa kwathu

Mu Africa nkhaniyi yalowera pa matayala awiri. Kampani ya Ampersand idayamba malonda ake ku Kigali mu 2019 ndipo kenako idafika ku Nairobi. Spiro idayambira ku Benin ndi Togo n'kufalikira ku Rwanda, Uganda, Kenya ndi Nigeria. Ku Kampala kuli Zembo. Kachitidwe kawo n'kofanana: wa kabaza amagula njinga, nthawi zambiri pangongole, koma batire limakhala la kampani. Moto ukatsika amapatukira pasiteshoni, wogwira ntchito pamalopo amatulutsa batire n'kulowetsa lina, malipiro amadutsa pafoni, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu wabwerera pamsewu. Boma la Rwanda lidaponyapo mwala wolemera pomwe lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2025 silidzalembetsanso njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mumzinda wa Kigali.

Kuti timvetse chifukwa chake njirayi yagwira, tiyang'ane tsiku la wa kabaza. Ngati njinga ndi ya bwana, ayenera kupeza kaye tageti ya tsikulo. Kenako ya mafuta. Yotsalayo ndiyo ya ufa, ndiwo ndi lendi. Ndalama zambiri zimapezeka m'mawa anthu akamathamangira kuntchito ndi madzulo akamaweruka, ndipo ola limodzi loima pa soketi nthawi imeneyo ndi makasitomala angapo opita ndi anzake. Kumene amagona nthawi zambiri ndi chipinda cha lendi chomwe mita yake ndi ya anthu ambiri, kapena chopanda magetsi n'komwe. Alibenso ndalama zogulira batire, lomwe pa njinga yamagetsi limatenga gawo lalikulu la mtengo. Mfundo zonse zomwe zimapangitsa munthu wa ku Norway kukonda chingwe, kwa iyeyu zatembenuzika.

Sikuti onse asankha njira imodzi. Roam ya ku Kenya imagulitsa njinga zomwe mwini wake akhoza kutchaja pa soketi wamba, ndipo ena amakonda zimenezo chifukwa batire ndi lawo, magetsi amagula pamtengo wa kunyumba, ndipo palibe amawauza kopita. Mabasi amagetsi a BasiGo ku Nairobi amatchajidwa kudepoti. Ngakhale kuno, yankho limatengera ntchito ya galimotoyo.

Kwa Amalawi nkhaniyi si ya kutali. Petulo wambiri amalowa m'dziko kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa. Mizere ya njinga zamoto pamalo omwetsera mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu aliyense adaiona. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye njinga yoyendera magetsi ikuyendera mphamvu ya m'dziko momwemo. Koma timadziwanso kufooka kwake. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kudakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. M'dziko lotere, tchaja yothamanga imangogwira ntchito magetsi akakhalapo pa mphindi yomwe wafikayo. Kabati ya mabatire imadzaza usiku, kapena masana ndi masola a padenga, n'kupitiriza kugawa magetsi atazima. Tchaja ya megawati imodzi ndi nkhani ya misewu ikuluikulu ya ku China. Kabati ya mabatire makumi awiri pamsika wa Lunzu kapena pa Area 25 ndi chinthu chomwe mawaya omwe alipo kale angachikwanitse.

Koma kubwereka kuli ndi mtengo wake, ndipo wa kabaza ayenera kuudziwa asanasaine. Batire likakhala la kampani, mtengo wa kusintha umaikidwa ndi kampani. Kumene ungafike ndi kumene kampani yamanga masiteshoni, ndiye kasitomala wofuna kupita kumudzi makilomita 60 kunja kwa tauni ukhoza kumukana. Mabatire ambiri otere ali ndi zida zoti kampani ikhoza kuwatsata ndi kuwatseka ili patali. Ndipo batire la kampani ina silikwana panjinga ya kampani ina, moti kampani ikakweza mtengo kapena ikatseka zitseko, munthu amatsala ndi ngongole ndi njinga yosayenda.

Eni galimoto za mabanja omwe ali ndi mpanda ndi soketi yawo apitiriza kutchaja, ndipo matchaja akamathamanga chifukwa chosinthira batire chizicheperachepera kwa iwo. Kwa amene amadya za pamsewu, kusintha kwaonetsa kale kuti kumagwira ntchito. Chotsala ndi malamulo: msinkhu ndi pulagi zomwe makampani angagawane, mtengo woonekera poyera, ndi pangano lonena zomwe zichitikire njinga ngati mwini batire wagwa. Kwathu kuno ntchito imeneyi ikugwera mabungwe ngati MERA ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo nthawi yabwino yoigwira ndi ino, njinga zamagetsi zikadali zowerengeka. Makampani atatu akadzadzaza misewu aliyense ndi batire lakelake, palibe adzavomere kutaya lake kuti atenge la mnzake, ndipo wolipira kusamvanako adzakhala wa kabaza.